Mwendo Wanga Sufiira

Lolemba, 14 Okutobala 2024

Andigoneka. Wodi ya amayi, bedi lachiwiri kuchokera pakhomo. Mlamu wanga Magret, amene akundidikirira, wandigulira kope ili pageti. Akuti ndizilemba, mwina pakamwa panga pangapumeko. Pachikuto ndalembapo kuti Priska Saulos, Bangula, wogulitsa nsomba.

Chimene chandibweretsa kuno n'chochititsa manyazi. Lachisanu ndinapita kudoko kukapikula milamba. Potsitsa dengu umodzi unagwa pansi, ine osauona, ndipo munga wake unandibaya pamwamba pa kakolo wa mwendo wakumanzere. Zaka zonsezi ndakhala ndikudula mitu ya milamba, tsopano wina wabwezera anzake. Ndinatsuka ndi madzi amchere, n'kumanga kansalu. Loweruka ndinagulitsa tsiku lonse. Lamulungu mwendo unatupa, thupi lili juu. Lero amuna anga a Rodgers anati basi, zokakamira zatha, tiyeni kuchipatala.

Anditenga magazi. Malungo mulibe, shuga ali bwino, kachilombo mulibe. Kutentha kwa thupi 38.6. Andiika dripu. Jakisoni ndi mmodzi pa tsiku, wa dzina lalitali limene nesi Ireen wandilembera pakapepala, seftirayakisoni. Panado awiri katatu pa tsiku.

Madokotala a wodi ino ndi awiri. A Humphrey ndi mwana wa konkuno, kwawo ku Makhuwira, wamtali, wolankhula mofatsa. Winayo ndi mzungu, dzina lake Melissa, wabwera kudzathandiza kwa miyezi yochepa. Ndi mtsikana waulemu ndithu. Chichewa chake chimathera pa "muli bwanji" ndi "pepani", zotsalazo amamasulira a Humphrey. Magret wasangalala ngati wapata mphoto.

"Alamu, mwachita mwayi, mwagwera m'manja mwa mzungu," anatero. "Paja mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa."

Kukutentha. Mphepo yolowa pazenera ikuchita ngati yachokera pamoto. Ndikufuna ndituluke lisanafike Loweruka, nsomba zanga zili m'manja mwa anthu.

Lachiwiri, 15 Okutobala

Tsiku la Anakubala. Ana andiimbira foni, wamng'ono Leah amafunsa kuti ndibwera liti, chitenje changa chikundidikira. Ogwira ntchito lero ndi ochepa, koma madokotala aja anadutsa m'mawa.

Melissa anavundukula mwendo n'kutulutsa bolopeni. A Humphrey anandifotokozera kuti pa matenda otere amazunguliza mzere pamene pathera kufiira kwa khungu. Mawa lake amaona ngati kufiirako kwadumpha mzere, ndipo kukadumpha ndiye kuti mankhwala sakugwira, pafunika kuchita zina msanga. Melissa anayang'ana, anayatsa tochi ya pafoni, anayang'ananso. Anakankha katani kuti kuwale bwino. Kenako anabweza bolopeni m'thumba osalemba kanthu.

"Akuti palibe kufiira, mayi," anatero a Humphrey. "Ndi nkhani yabwino imeneyo."

Ndinaseka. Ine kufiira? Pamsika amanditcha Nyamakala. Makanda ena amabadwa oyererako n'kumada pang'onopang'ono, koma ine mayi anga ankati ndinatuluka nditamaliza kale.

Kenako anandifunsa kuti ululu wanga ndingaupatse nambala yanji, kuyambira wani mpaka teni. Funso lachilendo. Kunena zoona mwendowu ukuyaka ngati ndauika pambaula. Koma teni ndi wa munthu amene akutsirizika, ndipo ine wapamsika ndimadziwa kuti ukatchula mtengo wapamwamba anthu amakuona ngati wabodza. Ndinati folo.

Melissa anamwetulira n'kunena zina m'Chingerezi. Ndinalekera Fomu 2, choncho ndinatolako. Amati amayi a kuno ndi olimba modabwitsa, kwawo munthu wa mwendo wotere bwenzi akukuwa. A Humphrey anavomereza monyadira, n'kunditembenukira.

"Ndi zoona, mayi. Ife akuda khungu lathu n'lolimba, ululu sitiumva msanga."

Ndisaname, ndinamva kukoma.

Pabedi loyandikana nane pali Lily, mkazi wa wodula nzimbe ku Nchalo. Anapsa mkono ndi mafuta a mandasi. Ameneyu akamamusintha bandeji amakuwa mpaka agalu a kuseri kwa mpanda kuyankha. Anesi amutcha Wailesi, ndipo akaitana amachedwa dala kubwera. Ndamuuza kuti mkazi wamkulu satero. Wandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi.

Lachitatu, 16 Okutobala

Sindinagone. Ululu wakwera kufika pakatumba. Kutentha 39.1. Jakisoni yemweyo, panado yemweyo.

Melissa wayeza mwendo ndi tepi yonga ya telala, akuti kutupa kwawonjezeka pang'ono chabe. Wayatsanso tochi. Palibe kufiira. Nambala ndinati faifi, ndipo anandisisita paphewa.

A Rodgers abwera masana ndi mpunga ndi nsomba zowamba za makakana. Nditangotsegula bakuli ndinadziwa kuti awagulitsa za dzana. Mwamuna wa wogulitsa nsomba kupusitsidwa pamsika wa mkazi wake yemwe! Ndinawanena pang'ono kuti aone kuti ndikadali ine, koma chakudyacho wadya ndi Magret.

Lero ndakhala ndikuganiza za malemu bambo anga, a Saulos. Asanathawire kuno ankadula nzimbe m'minda ya Apwitikizi kutsidya, m'mbali mwa Zambezi. Chipatala cha kampani chinali ndi makomo awiri. Azungu ankalowera kutsogolo n'kukagona pamabedi, akuda ankazungulira kuseri n'kukhala pakhonde. Tsiku lina chikwanje chinawatema padzanja. Anawasoka osawabaya mankhwala a dzanzi, akuti wakuda samva kuwawa, mankhwalawo ndi a mabwana. Bambo atakuwa, wosokayo anawamenya mbama, n'kunena kuti akunamizira kuti athawe ntchito. Anawabweza kumunda bala asanamalize kulisoka. Dzanja lija linapindika mpaka tsiku limene tinawaika m'manda.

Ndiye ife ana awo tinakula ndi lamulo. Akamatiperekeza kukabayitsa katemera ankationetsa dzanja lija n'kunena kuti, "Kuchipatala nkhabe kulira. Ukalira amakuthamangitsa." Ana anayi ndabereka ine osatulutsa liwu, azamba ankachita kundiitanira anzawo kuti adzaone.

Ndikulemba izi kuti ndidzilimbitse. Koma mtima uli m'mwamba.

Lachinayi, 17 Okutobala

Kutentha 39.8. Ndikunjenjemera ndi kuzizira, kunja dzuwa likuswa mtengo. Pamsongolo patuluka matuza awiri, madzi ake akuda.

Chimene chikundiopsa kwambiri ndi fungo. Magret akuti sakumva kanthu, koma ine mphuno yangayi ndi imene imandidyetsa. Nsomba ikayamba kutembenuka ndimaidziwa maso ake akadali owala. Fungo limenelo likuchokera m'bulangeti langa.

Ndinawauza a Humphrey kuti chinthuchi chikuyenda, ndikuchimva chikukwera. Anakamba ndi Melissa. Yankho linali lakuti matuza amatuluka chifukwa cha kutupa, ndipo popeza palibe kufiira komanso ululu suli waukulu, tiupatse jakisoni masiku ena awiri agwire ntchito. Andiwonjezera bulufeni.

Melissa atapita pabedi lina ndinawakoka a Humphrey malaya.

"Adokotala, ndifunseko. Pa munthu wakuda ngati ine, kufiirako kumaoneka bwanji?"

Anati abweranso. Masana anabweradi atanyamula buku lalikulu la kusukulu kwawo, anakhala m'mphepete mwa bedi n'kuyamba kutsegula. Miyendo yotupa inali yambirimbiri, ina yofiira ngati tomato, ina yokhala ndi mzere wa bolopeni uja woonekera bwino. Anatsegula kutsogolo, anabwerera kumbuyo, ananyowetsa chala n'kutsegulanso. M'buku monsemo munalibe mwendo wakuda ngakhale umodzi. Ndinaona thukuta likutsika m'khosi mwawo.

"Ndiwaimbira a dokotala aakulu, a Maureen," anatero. "Ali ku msonkhano ku Blantyre, koma mawa akhala atafika."

Atachoka, Lily anadzuka n'kukhala tsonga.

"Mayi inu, ine ndimakumvani mukukukuta mano mpaka kucha. Ululuwo mukusungira ndani? Mudzagulitsa?"

Ndinamuuza kuti asamale za mkono wake.

"Mbewa ya manyazi inafera kuuna," anatero, kenako n'kuyamba kukuwa. "Anesi! Anesi! Amayi awa akufa kuno!"

Nesi wina anasuzumira pakhomo n'kunena kuti Wailesi yatsegulidwanso. Anandifunsa ngati ndili bwino. Ndinagwedeza mutu kuti inde. Sindikudziwa chifukwa chake, mutu unangogwedezeka wokha.

Ndikuopa. Ambuye, ndikuopa.

Lachisanu, 18 Okutobala

A Maureen abwera. Akuti ku fiyeta, opaleshoni lero lomwe. Ndisadye, ndisamwe. Dzanja likukana kulemba.

Lamulungu, 20 Okutobala

Ndili moyo. Mwendo ulipo, wokulungidwa kuyambira kuphazi mpaka m'munsi mwa bondo. Ndilembe za Lachisanu ndisanaiwale.

A Maureen ndi mayi wamfupi wa imvi zochepa, sakonda kuseka. Atavundukula bulangeti sanayatse tochi. Anatsinzina, n'kuyendetsa kuseri kwa dzanja lawo pamwendo wabwino, kenako pa wodwalawo, kuchokera kuntchafu kutsika pang'onopang'ono. Pamene anamva kutentha anaima, n'kumatapo kachidutswa ka pulasitala woyera. Anaika miyendo yonse iwiri pamodzi n'kuwaitana a Humphrey ndi Melissa kuti aone. Wakumanjawo unali wakuda wamba. Wakumanzere unali wonyezimira, wothina, wakuda mopita ku mtundu wa biringanya. Atadina pakatumba panamveka kuthetheka ngati ukuponda makoko a mtedza.

Anandifunsa nambala. Ndinati faifi. Sanalembe. Anayang'ana manja anga amene anali atagwira chitsulo cha bedi, anayang'ana mlomo wanga umene ndinali nditauluma mpaka magazi.

"Mayi, ine musandinamize. Sindikuthamangitsani."

Sindikudziwa kuti anadziwa bwanji kunena mawu amenewo. Misozi inangotsika yokha, koma liwu silinatuluke.

Anatuluka ndi anzawo aja pakhonde. Mawu sindinawamve bwino, koma wodi yonse inakhala chete. Atabwerera anakoka mpando n'kundifotokozera. Tizilombo ta m'madzi a m'dambo tinalowa ndi munga uja, ndipo tikudya nyama ya pansi pa khungu. Jakisoni yekha sangathe, pafunika mpeni. Anati matendawa amadziwika msanga ndi zinthu ziwiri, khungu kufiira ndi wodwala kumva ululu woposa kukula kwa bala.

"Kufiirako analemba poyang'ana khungu la eni mabuku," anatero. "Za ululuzo, kuyambira kale anthu ankaphunzitsana kuti wakuda samva kuwawa. M'mabuku ambiri anazifufuta, koma m'mitu mwa anthu zidakalimo, ndi mwa ife tomwe. Inenso ndinaphunzira mabuku omwewo."

Ndinafunsa kuti akanaziona Lachiwiri lija bwenzi zili bwanji.

"Bwenzi tikukamba za chilonda, osati za mwendo."

Ku fiyeta anachotsa nyama yakufa kuyambira pakakolo mpaka pakatumba. Andiika magazi, a Rodgers ndi amene anapereka. Majakisoni tsopano ndi atatu osiyana, mayina ake Ireen wandilembera koma maso akuchita chidima. Ndiye pali mankhwala amadzi otchedwa mofini, amandimwetsa ndi kasirinji. Nditamwa koyamba ululu unagona pansi ngati galu wokhuta. Ndinamufunsa Ireen ngati mankhwalawa angofika kumene. Anati ayi, anali m'kabati masiku onsewa, koma amapatsa amene ululu wawo wafika pa seveni.

Ndinatembenukira kukhoma. Sindinafune kuti aone nkhope yanga.

Lolemba, 21 Okutobala

Kutentha 38.9. Sikukutsika monga amafunira.

Asintha bandeji. Ndinalonjeza kuti sindiyang'ana, koma ndinayang'ana. Sindilemba zimene ndaona. Zala zakuphazi sindikuzimva, Ireen anazitsina ine ndikuyang'ana kudenga ndipo sindinadziwe.

Melissa anabwera yekha, wopanda womasulira. Anaima kumiyendo kwa bedi, maso ali psuu. Kwa iye kufiira sikuvuta kuona. Anati, "Pepani, amayi. Pepani kwambiri." Anabwereza kangapo chifukwa mawu ena alibe.

Mtsikanayu si woipa mtima. Anasiya kwawo n'kubwera kudzapsa ndi dzuwa la kuno, ndipo ndamuona akunyamula yekha beseni la wodwala. Chimenechi ndiye chikundizunguza mutu. Amene anasoka bambo anga anali wankhanza, ukamuona umadziwa kuti uyu ndi mdani. Uyu anandisisita paphewa n'kundiyamikira kuti ndine wolimba, ine n'kumasangalala, mwendo ukuwola. Nanga munthu ungadziteteze bwanji kwa wokuyamikira? Pomaliza ndinati, "Ndamva." Anachoka akupukuta mphuno.

A Humphrey akumadutsa pabedi langa mutu uli pansi. Lero ndinawaona pabedi la mayi wina watsopano, atatsinzina, akuyendetsa kuseri kwa dzanja pamkono wake. Zinandikhudza, komanso zinandipsetsa mtima. Aphunzirira pa mwendo wanga.

Lily atuluka mawa. Wandisiyira sopo wake ndi theka la shuga. Ndinamuthokoza m'chilankhulo chakwathu kuti takhuta, ndipo ndinamupepesa pa zija ndinamunena.

"Musadandaule, mayi," anatero. "Ine amanditcha Wailesi, koma mkono wanga ndikupita nawo."

Lachiwiri, 22 Okutobala

Anandibwezanso ku fiyeta m'mawa kuti akaone. Nditatsitsimuka ndinapeza a Rodgers ndi Magret ataima, a Maureen atakhala pampando. Munthu ukaona dokotala wakhala pansi, dziwa kuti nkhani si yabwino.

Phazi lafa. Nyama ya pamsongolo ikupitirira kufa. Akapanda kudula, tizilombo tilowa m'magazi ndipo sabata ino sindiimaliza. Chatsala n'chakuti adule pati, m'munsi mwa bondo kapena pamwamba pake.

Anafotokoza mosabisa. Bondo likatsala, mwendo wopanga umavalika bwino, munthu amayenda mpaka ena osadziwa. Ndingathe kukwera minibasi, kutsika kudoko, kukhala pansi pamsika n'kudzuka ndekha. Bondo likapita, zonsezo zimakhala zovuta kwambiri, ena amathera pandodo moyo wonse. Ine ndinaganizanso zina zimene iwo sanatchule. Mkazi wa kwathu amagwada, popereka madzi kwa alendo, popereka moni kwa apongozi, pa Misa, pamaliro. Wopanda bondo adzagwada ndi chiyani?

A Maureen atatuluka, Magret anayamba. Yemwe uja ankanena za mwayi wogwera m'manja mwa mzungu.

"Alamu, tiyeni tithawe. Anthu awa miyendo ya akuda amangodula ngati chinangwa. Munamvapo mzungu atadulidwa mwendo chifukwa cha munga wa nsomba? Ku Ndamera kuli abusa amapempherera zilonda, kulinso munthu wa zitsamba. Achimwene, lankhulani, mkazi wanu akumupundula mukuona!"

A Rodgers anangofinya chipewa chawo m'manja. Ine mutu unazungulira. Magret sakunama pa zonse. Anthu a m'nyumba ino anandiyang'ana masiku onse aja osaona kanthu. Lero ndiwakhulupirire bwanji akamati adule? Koma fungo lija ndikulimvabe, ndipo limenelo sindinauzidwe ndi mzungu.

Ndinatuma Ireen kuti akawaitanenso a Maureen. Atabwera ndinawafunsa pamaso pa onse.

"Adokotala, mundiuze zoona ngati mwana wa mayi anu. Akanakhala mzungu wagona pano, mwendo uli chonchi, mukanadula?"

"Uli chonchi, inde, ndikanadula," anayankha. "Koma mzungu sakanafika pamene mwafikapa."

Magret anayamba kulira. Ndinapempha pepala lija n'kusaina ndekha dzina langa lonse.

Asanachoke anandiuza za mawa. Adula mawa masana. M'mawa sandipatsa mofini, chifukwa akufuna ndimve bwinobwino. Adzadina mwendo kuchokera m'munsi kukwera m'mwamba, ndipo ine ndidzanene pamene pakupweteka. Matendawa amathamanga pansi pa khungu, kutsogolo kwa zimene maso ndi dzanja zingapeze, ndipo ululu ndi umene umayamba kufika. Zambiri akaziona akatsegula, koma mawu anga ndi amene awauze poyambira. Akadula m'munsi matenda ali m'mwamba, adzadulanso kachiwiri, ngati nthawiyo ndidzakhale ndikadalipo.

Leah waimba madzulo. Amafunsa ngati ndidzakhalepo pa tsiku lake la Ukaristia woyamba mwezi wamawa. Ndinati ndidzakhalapo. Sindinamuuze za mwendo.

Kuyambira dzulo pali malo ena m'kati mwa ntchafu, pamwamba pa bondo, amene akundilasa ndikatembenuka. Sindinauze munthu.

Lachitatu, 23 Okutobala

Ndilembe msanga asanabwere.

Mofini sanandipatse. Pofika nthawi yoyendera odwala ndinali nditanyowa ndi thukuta. A Maureen anabwera ndi a Humphrey, Melissa anaima patali pang'ono. A Rodgers anali kumutu kwa bedi. Anakoka makatani, koma makatani a muno satseka mawu.

Anayambira m'mphepete mwa bandeji, m'munsi mwa bondo. Anadina ndi zala ziwiri.

"Apa?"

"Pakupweteka."

Anakwera pang'ono. "Apa?"

"Pang'ono."

Anafika pabondo penipeni, anadina mbali zonse, analipinda. Silinapweteke. Ndinamva a Rodgers akutulutsa mpweya. A Humphrey anamwetulira koyamba sabata ino. A Maureen sanamwetulire. Anapitiriza kukwera, kunja kwa ntchafu, kutsogolo, kulibe kanthu. Kenako zala zija zinalowera m'kati.

Zinali ngati andilowetsa msomali wamoto mpaka m'fupa. Koma nkhope yanga sinasinthe. Ntchito imeneyi ndimaidziwa, ndaichita moyo wanga wonse. Ndinadziwa kuti ndikhoza kupirira, ndikhoza kunena kuti palibe, iwo n'kumata pulasitala wawo m'munsi mwa bondo, ine n'kutsala nalo. Khungu langa silikanandiulula. Panalibe wondigwira bodza.

A Maureen sanachotse zala. Sanandiyang'ane kumaso, anangodikira.

"Apa, mayi?"

Ndinaona dzanja la bambo anga. Ndinaona Leah atavala zoyera, akuyang'ana m'mabenchi kufunafuna mayi ake. Mwana ameneyu sadziwa ngakhale kuluka tsitsi lake yekha.

Ndinakuwa.

Sindinadziwe kuti m'chifuwa mwangamu muli liwu lotere. Linatuluka lonse, la sabata yathayi, la ana anayi aja, mwina ndi la bambo lomwe. Ndinakuwa kuti mayo, pamenepo, pamenepo, pakupweteka! A Rodgers, amene akhala nane zaka zonsezi osandimvapo ndikulira, anagwetsa chipewa n'kundigwira mutu. Nditasiya, wodi yonse inali zii, ngakhale mwana wa pabedi la kumapeto analeka kuyamwa.

Palibe anandithamangitsa. A Maureen anati, "Zikomo, mayi." Anang'amba pulasitala woyera n'kumumata pantchafu, chikhatho chimodzi pamwamba pa bondo.

Tsopano andipatsa mofini. Andivula ndolo ndi mphete, Magret wazimanga pakona ya chitenje chake. A Rodgers apita kukaimbira ana, ndawauza kuti Leah amuuze okha ndi pakamwa, osati pafoni. Ireen akuti atsala pang'ono kudzanditenga.

Ndikuopa kwambiri. Ndikuopa kugonetsedwa, ndikuopanso kudzuka.

Ndalowetsa dzanja m'bulangeti. Bondo lili lozizira bwino, losalala, lopanda chilema, pali kachipsera kokha ka pamene ndinagwa pa njinga ndili mtsikana. Ndalipinda pang'ono, ndaliwongola. Ndalipindanso. Likugwira ntchito bwinobwino, bondo limeneli.

Ndikumva matayala pakhonde.